Fatsani wabwerako ku Joni, akuti waonera Green Day ndi maso ake

Dalitso (Dyeratu): Anthu inu, munthu uja wabwera. Ndamuona pano pa Dyeratu ali pawindo la minibasi ya ku Nchalo, wavala malaya akuda bii ndi dzuwa lonseli. Pachifuwa palembedwa Green Day. Thukuta lake musafunse.

Mai a Tadala (Bangula): Alamu, mpaka kufika osatiuza? Takulandirani. Nsapato za Tadala zija mwabwera nazo?

Fatsani (Nchalo): Zikomo alamu, ndafika bwino, nsapato zilipo, nditumiza ndi kondakitala mawa. Dalitso iwe m'malo mondilonjera unathamangira foni. Malayawo ndinavala ku Wenela m'mawa kukuzizira. Titangoyamba kutsika phiri kulowera ku Thabwa, chigwa chonse chili poyera, Shire akunyezimira kumunsi, mpweya wotentha unalowa pawindo ndipo ndinadziwa kuti ndafika kwathu. Kuvula sikukanatheka, tinali anayi pampando.

Zeka (Nsanje): Zanyengo tikuzidziwa achimwene, tili momwemo. Tiuzeni za Green Day, gulu lanu loimba rock la ku America lija. Munawaonadi kapena munangoima kunja kwa mpanda n'kumamvera?

Fatsani (Nchalo): Ndinalowa mphwanga. Lamulungu pa 19 January 2025, FNB Stadium, ku Nasrec kufupi ndi Soweto. Bwalo lomwe lija Spain inamenyera Netherlands pa fainolo ya World Cup mu 2010. Limalowa anthu oposa 90,000, kutanthauza kuti Bingu Stadium ya ku Lilongwe ilowemo kawiri malo n'kutsalabe. Aka kanali koyamba Green Day kuimba ku South Africa chiyambireni, ndiye azungu achikulire a imvi anali kulumpha limodzi ndi ana awo. Amwenye analipo, akuda tinalipo ndithu ngakhale tinali ochepa. Ine ndinkangoyang'ana uku ndi uku kuti mwina ndimva wina akuyankhula Chichewa, koma ayi.

Choyamba chinandidabwitsa ndi nthawi. Gulu lina likamaliza, anyamata ovala zakuda amathamanga, kuchotsa zida, kuika zina, aliyense akudziwa waya wake. Palibe zoima pa maikolofoni theka la ola kumangoti wani thuu, wani thuu. Ine ntchito yanga ndi ya magetsi, ndiye pomwe anzanga ankajambula ndi mafoni ine ndinkayang'ana momwe apachikira masipika m'mwamba, mzere wautali wopindika pang'ono kumunsi kuti wa kutsogolo ndi wa kumbuyo amve chimodzimodzi. Ng'oma yaikulu ikagunda sumaimva ndi makutu okha, imakumenya m'nthiti.

Dalitso (Dyeratu): Munthu wapita mpaka ku Joni kukaonera mawaya.

Esnart (Joni): Dalitso usaseke, n'zoona. Ine ndinali naye. Mchimwene wangayu anandikoka dzanja kuti taona bokosi ilo, ndi momwe mukuchokera magetsi a pa siteji. Koma oimbawo atangotulukira, munthu wamkuluyu analira. Misozi yeniyeni. Ndinachita manyazi.

Fatsani (Nchalo): Chemwali, zimenezo sizinali zoti zifike pa gulu.

Aphunzitsi (Ngabu): Mwana wanga Fatsani, takulandira. Ndifunse kaye za njira. Ndi zomwe zikuchitika kwa anansi athu a ku Mozambique, munadutsa bwanji ku Tete?

Fatsani (Nchalo): Zikomo aphunzitsi. Popita sitinayerekeze. Inali sabata yomwe a Daniel Chapo ankayembekezeka kulumbiritsidwa kukhala pulezidenti pa 15 January, anthu a wotsutsa uja Venâncio Mondlane akutsekabe misewu. Basi yathu inazungulira ku Mchinji, Chipata, Lusaka, kuolokera pa Chirundu, kenako Harare mpaka Beitbridge. Miyendo inatupa moti nsapato ndinavula. Pobwera ndiye tinadzera njira yachizolowezi, Nyamapanda, kuoloka Zambezi pa Tete, Zobue, n'kulowa pa Mwanza. Kunali bata, koma pena pamsewu pankaoneka zipsera zakuda pomwe anaotchapo matayala, ndipo m'basi munali zii mpaka titadinditsa mapasipoti pa Mwanza. Pa Beitbridge pokha ndi pomwe pamatha mtima. Mzere wake ukaima usiku dzuwa limakutulukira uli pomwepo, katundu yense pansi, wina atsegule chikwama chilichonse.

Mai a Tadala (Bangula): Ine ndiyankhule, mundikhululukire. Alamu, mwezi uno ndi January. Chaka chatha mvula inatithawa, boma mpaka linalengeza za ngozi m'maboma 23, Chikwawa ndi Nsanje tili momwemo. Kuno anthu akulowa m'madambo kukazula nyika ng'ona zili momwemo. Ku Nyamithuthu kwadzaza abale athu othawa ku Mozambique. Ndiye munthu n'kutenga ndalama, kusintha ma rand pa mtengo wa pamsika wakuda uja, kukapatsa azungu olemera kale kuti akukuwireni m'makutu? Tikiti yokhayo inali mbuzi zingati? Tiuzeni.

Dalitso (Dyeratu): Apa ndiye pafika msungichuma. Ine ndakhala pansi.

Fatsani (Nchalo): Alamu, funso lanu si lolakwika ndipo sindikwiya. Mtengo sinditchula chifukwa ndikautchula nkhani ithera pomwepo. Koma taonani buku lanu la gulu, kodi pali mwezi womwe ndinalumpha chopereka? Maliro a ku Sorgin aja sindinasonkhe? Chimanga cha amayi ndinagula ndisananyamuke, matumba ali m'nyumba. Ndalama ya ulendowu ndinayamba kuponya m'kabokosi tsiku lomwe analengeza kuti akubwera. Mowa sindimwa, mpira sindibetcha. Alipo pano amene amatha ndalama yoposa imeneyo pa kubetcha chaka chisanathe, palibe amawafunsa za mbuzi.

Dalitso (Dyeratu): Ine ndalowamo bwanji?

Esnart (Joni): Komanso alamu, theka la tikitiyo ndinalipira ndine. Ndipo sanabwerere zoimba zokha, anadzagulanso zida zake za ntchito zomwe kumudziko sizikupezeka chifukwa cha vuto la ndalama zakunja.

Mai a Tadala (Bangula): Chopereka amapereka, zimenezo sindikana. Koma ine mtima wanga sukuvomerabe. Ndanena, ndatha.

Malume (Makhanga): Ine netiweki kuno kutsidya imavuta, ndawerenga zonse pakamodzi. Mphwanga, za ndalama ndi zako. Ine changa ndi china. Nyimbo zimenezi si zija amati za satana? Ndinaonapo pa kanema anthu atakweza zala ziwiri m'mwamba, maso atapaka zakuda. Ndiwe mwana wa mpingo iwe.

Fatsani (Nchalo): Malume, nyimbo zawo ndimazidziwa mawu ake pafupifupi zonse. Amaimba za mnyamata wosowa chochita pakhomo, za kusowa tulo, za bambo ake a woimbayo omwe anamwalira iye ali ndi zaka 10, ndipo zambiri amadzudzula atsogoleri a dziko lawo. Chimbale chawo cha 2004, American Idiot, chinatuluka nkhondo ya ku Iraq ili mkati ndipo chinkalasa boma la George W. Bush. Kutukwana ndiye amatukwana, pamenepo sindiwaikira kumbuyo, simungaike pa ukwati wa mpingo. Koma zopembedza mdyerekezi sindinazione. Ku Joniko Billie Joe Armstrong, woimba wamkuluyo, anasintha mawu a nyimbo ina n'kumugenda Elon Musk, yemwe kwawo ndi ku Pretoria konko. Mawa lake ndi pomwe Trump ankalumbira ku America. Bwalo lonse linachita phokoso, ena kuseka ena kukuwa.

Dalitso (Dyeratu): Musk yemweyo wa Starlink? Ife kuno tili nayo kuyambira 2023, kwawo komweko sinaloledwebe. Malume gulani imeneyo, muleke kukwera pachulu kufuna netiweki.

Malume (Makhanga): Iwe mwana wa Dyeratu ulibe mwambo. Fatsani ndamva, koma pobwera kuno malaya akudawo usiye.

Aphunzitsi (Ngabu): Nkhani ya satanayi ndiikepo mawu, poti ine ndinakula nthawi yomwe nyimbo zimenezi zinkalowa mu Africa muno. Ana inu mumaona ngati rock ndi ya azungu okha. Ku Zambia uko m'ma 1970 kunali magulu oopsa. WITCH ya Jagari Chanda, Amanaz, Paul Ngozi ndi Ngozi Family yake. Anyamata a ku migodi ya kopa, magitala olira mokalipa, ena akuimba m'Chinyanja chomwechi. Kaunda analamula kuti wailesi yawo iziika kwambiri nyimbo za m'dziko momwemo, ndiye magulu anaphuka. Mkulu wanga ankagwira ntchito ku Kitwe, anabwera ndi mbale za galamafoni, tinkamvera titatseka chitseko.

Kuno kwathu zinali zina. Wailesi inali imodzi, MBC, ndipo nyimbo iliyonse inkadutsa kaye m'manja mwa a Censorship Board. Lamulo la kavalidwe la 1973 linaletsa amayi mathalauza ndi masiketi aafupi, amuna tsitsi lalitali linali mlandu. Mlendo wa tsitsi lofika m'mapewa ankametedwa pa bwalo la ndege asanalowe m'dziko. Ndiye mnyamata wa ku Ngabu akanayamba bwanji gulu la rock, a Payoniya ali pa msika? Si kuti makutu athu anazikana nyimbozi, sitinapatsidwe mpata wozimva. Pofika 1994 zinthu zitamasuka, reggae ndi yomwe inali itakonzeka kulowa, ndipo mpaka lero gulu lomwe limazungulira dziko lino ndi zida zamoyo sabata ndi sabata ndi Black Missionaries.

Zeka (Nsanje): Takhuta aphunzitsi, zimenezi sitinaphunzire m'kalasi mwanu.

Aphunzitsi (Ngabu): Sizinali pa silabasi, ndipo iwe unkagona.

Zeka (Nsanje): Koma achimwene a Fatsani, ine ndimaimba ng'oma ku tchalitchi, makutu ndili nawo. Ndinamvera zomwe munanditumizira zija. Woimba ng'omayo ndi katswiri, manja ake ndi achangu ndipo sataya nthawi. Koma gitalayo bwanji imalira ngati sipika yong'ambika? Anthu olemera choncho alephera kugula zida zabwino?

Fatsani (Nchalo): Amachita dala mphwanga. Ampulifaya ili ndi malire a mphamvu yomwe ingatulutse bwinobwino. Ukaikankha kupyola pamenepo, mawu aja amadulidwa nsonga, ndiye amatuluka okhakhala, onenepa, ndipo amakhalitsa osazima msanga. Kale zinkachitika mwangozi, kenako anthu anazikonda. Mu 1964 Dave Davies wa gulu la The Kinks ku England anachita kung'amba sipika yake ndi lezala kuti ilire choncho. Lero pali timabokosi topondera ndi phazi tomwe timachita ntchito imeneyo. Nyimbo zambiri za Green Day ndi makodi atatu kapena anayi basi, mwana wa kwaya angazigwire tsiku limodzi. Mphamvu yake ili m'kukhakhala kumeneko ndi liwiro.

Zeka (Nsanje): Dikirani kaye. Ndiye kuti ndi nkhani ya mvema imeneyi.

Esnart (Joni): Mvema ndiye chiyaninso?

Zeka (Nsanje): Chemwali mwakhalitsa ku Joni. Agogo anga aamuna ankaimba ulimba, chida cha matabwa chomenya ndi timitengo, mpaka pano ulipo kuseri kwa nyumba. Pansi pa thabwa lililonse pamakhala chipanda, chachikulu ku mawu aakulu, chaching'ono ku mawu aang'ono. Chipanda chilichonse amachiboola pambali, pabowopo n'kumatapo kachikopa koyera kaja kangaude amaikiramo mazira pakhoma. Ndiye mvema. Ukamenya thabwa kachikopako kamanjenjemera, mawu amatuluka ndi kunzzz. Tili ana ankatituma kukasaka m'makoma a nyumba zakale, ndipo ukabwera nako kong'ambika unkabwezedwa. Tsiku lina ndinawafunsa kuti agogo bwanji osangochotsa timenetu kuti uzilira bwino. Anandiyang'ana, n'kumatula kamodzi, n'kumenya. Mawu anatuluka oyera koma ofooka, osafika ndi pa msewu pomwe. Anabwezeretsa n'kumenyanso, galu wa kwa aneba anadzuka. Sanandiyankhe ndi pakamwa. Masiku ano ena amamata pepala la pulasitiki lopyapyala poti akangaude aja asowa ndi mankhwala opopera udzudzu, koma akuluakulu amati silifika.

Ndipo si ulimba wokha. Bangwe amaimangirira zitsekerero za mabotolo kuti izichita phokoso lomwelo. Ife a kuchigwa kuno mawu osalala sitinawakonde chiyambire.

Fatsani (Nchalo): Zeka, wandimasulira chinthu chomwe chinkandizunguza. Ine nyimbozi ndinakumana nazo mwangozi. Ndinapita pa Nchalo kwa anyamata oika nyimbo mu memory card, ndinkafuna za Lucius Banda, mnyamatayo pofuna kudzadza malo otsala anandithiriramo foda ina yomwe iyenso sankaidziwa. Usiku ndili pa mphasa panja, poti m'nyumba simunkagoneka ndi kutentha, ndinangomva gitala ija yayamba. Chizungu chake sindinkamva ndi liwu limodzi lomwe, amayankhulira m'mphuno. Koma sizinandimvekere zachilendo. Ndinkangoti izi ndinazimvapo penapake.

Aphunzitsi (Ngabu): Apa ndikuchenjezeni pang'ono ana anga, musafulumire kunena kuti ndi chinthu chimodzi. Ulimba amaimba anthu atatu pa chida chimodzi, manja akulowerana, wina akamenya mnzake ali m'mwamba. Zimene zija ndi zovuta kuposa makodi atatu a Fatsani. Kufanana kulipo pa kakomedwe ka mawu, koma kamangidwe ka nyimbo n'kosiyana kutalitali.

Zeka (Nsanje): Pamenepo ndiye mwanena aphunzitsi. Woimba ng'oma wa Green Day atabwera kuno agogo akanamuika pa nkhocho kaye chaka chathunthu.

Fatsani (Nchalo): Tré Cool ameneyo, muzimutchula ndi ulemu. Atatu onsewo, iye, Billie Joe ndi Mike Dirnt wa besi, anabadwa 1972. Zaka 52. Koma amathamanga siteji yonse kuyambira poyamba mpaka pomaliza, nyimbo ikatha ina yayamba kale, osapumira kumwa madzi n'kumacheza. Ali ndi anzawo ena owathandiza gitala ndi kiyibodi kumbuyo, koma palibe zoimbira pa CD. Chingwe chikalakwika umachimva. Ndi chimene chinandiliza ine, osati china. Kuno tazolowera kulipira pakhomo, chikwangwani chinati 7 koloko, woimba n'kufika pakati pausiku ataledzera, n'kuika flash m'makina, iye kumangokuwa pamwamba pa mawu ake omwe. Gulu lina linabwera kuno chaka chatha, sinditchula, jenereta inatha mafuta nyimbo yachitatu, ndalama osabweza.

Dalitso (Dyeratu): Ndinalipo. Tinamaliza ndi kuwala kwa mafoni, wina akuimba za maliro.

Esnart (Joni): Koma musawanyoze kwambiri oimba a kumudzi. Kuno tikiti imodzi ndi malipiro a gulu lonse kumeneko. Zida zomwe Fatsani ankazisirira zija zimabwera ndi malole. Woimba wa kwathu alipire holo, alipire apolisi, agule mafuta pa mtengo wa m'zigubu, anthu olowa 60, theka alowera pa mpanda. Oimba asanu awadyetsa chiyani? Flash siidya nsima.

Fatsani (Nchalo): Za ndalama ndavomera chemwali. Koma kufika pa nthawi sikufuna forex.

Mai a Tadala (Bangula): Apo pokha ndagwirizana nanu alamu.

Aphunzitsi (Ngabu): Kodi analipo okha, kapena panali magulu ena?

Fatsani (Nchalo): Analipo ena aphunzitsi. Kunali gulu la ku Cape Town loimba m'Chiafrikaans, dzina lake sindilemba pano poti pali malume. Eni dziko ankaimba nawo mawu onse, ine ndinangoima. Kenako The Offspring, a ku California ngati Green Day yomwe. Inu mukondwera ndi iyi: woimba wawo, Dexter Holland, ali ndi PhD ya molecular biology, anaimaliza mu 2017, kafukufuku wake anali wokhudza kachilombo ka HIV.

Aphunzitsi (Ngabu): Mwaona malume a ku Makhanga? Dokotala.

Malume (Makhanga): Madokotala osapemphera aliponso.

Dalitso (Dyeratu): Ine funso langa ndi loti, bwanji osadikira kuti adzabwere ku Malawi konkuno? Lake of Stars ija imabweretsa azungu a magitala.

Fatsani (Nchalo): Inabweretsapo Foals ya ku England mu 2011 ku Mangochi, koma Green Day ndi msinkhu wina. Ku South Africa komweko, kuli mabwalo ndi ndalama, anthu adikira kuyambira chimbale chawo cha Dookie chitatuluka mu 1994. Anaimba ku Joni, pa 23 n'kukaimba ku Cape Town, basi n'kumapita. Ukanati udikire pa Dyeratu ukanamera mizu.

Esnart (Joni): Uwauzenso za potuluka.

Fatsani (Nchalo): Potuluka ndiye panali ntchito. Anthu masauzande onse kufuna galimoto nthawi imodzi, mitengo ya pa foni inakwera katatu tikuyang'ana. Chemwali anandiuza kuti foni ibisidwe mu sokosi, tiyende pakati pa gulu, osayankha aliyense. Makutu anali kulira okha. Tinakafika kunyumba mochedwa kwambiri, iwo n'kudzuka 5 koloko kupita ku ntchito. Ndikuthokoza pamaso pa gulu.

Zeka (Nsanje): Achimwene, ine maganizo andigwira. Ampulifaya yanu ija yomwe munakonza ikugwirabe? Ndikufuna tiyese kuika maikolofoni pansi pa zipanda za ulimba wa agogo, inu mubwere ndi gitala ija ya mwana wa kwaya, tione ngati zingayendere limodzi. Matabwa awiri anadyedwa ndi chiswe koma alipo mkulu wina kwa Tengani amasema.

Aphunzitsi (Ngabu): Machunidwe ake ndi osiyana, gitala idzamveka yosochera. Muyambe mwamasula zingwe kuti zitsatire ulimba, osati ulimba kutsatira gitala. Mukakonza tsiku mundiuze, ndikwera nawo pa Ngabu.

Mai a Tadala (Bangula): Mukadutsa pa Bangula mutsike, mudye. Koma phokoso lanulo mukachitire konko ku Nsanje, kuno mwana akukonzekera mayeso.

Fatsani (Nchalo): Loweruka la mawa lino sizitheka, ndili ndi ntchito ya pampu kwa mlimi wina ku Bereu. Linalo ndi bwino, ngati mvula siidula msewu. Zeka uyambe kusaka mvema, za pulasitikizo ine sindikufuna. Dalitso, njinga yako yamoto ili ndi mafuta?

Dalitso (Dyeratu): Ndagona pa mzere kuyambira dzulo, tanka sinafike. Ampulifayayo mukwere nayo minibasi, ine ndinyamula aphunzitsi akapezeka mafuta.